Foni, sikana kapena verifier: choyesera barcode pa paketi ya mpunga n'chiti?

Ife kuno ku Salima timalongedza mpunga wa ku Lifuwu m'mapaketi a kilogalamu imodzi ndi awiri. Kale ndinkangoloza foni pa sitika ya barcode (mizere ija imene kashiya amawerenga ndi makina), ikalira basi n'kuti zatheka. Ndinagwa nayo tsiku limene sitolo ina ya ku Lilongwe inatibwezera mabelo anayi, ati kashiya watopa n'kulemba ndi zala manambala onse 13 pa paketi iliyonse. Kuchokera apo njira zitatu zoyesera ndazidziwa bwino, ndipo sizifanana.

Foni ubwino wake ndi woti muli nayo kale. Imakuthandizani kuona ngati nambala yotuluka ikugwirizana ndi yolembedwa pansi pa mizere. Vuto lake n'chifundo. Kamera imajambula, n'kuyesa, n'kuyesanso mpaka itamva, monga mphunzitsi wofuna kuti mwana akhoze basi. Sitika yotuwa, yopindika, ngakhale ya mizere yofiira, foni ikhoza kuiwerenga, inu n'kumati zili bwino.

Sikana ya laser ya m'manja, ija yolumikiza ku kompyuta ndi USB, ndiyo ndimaidalira tsiku ndi tsiku. Ilibe nkhanza, koma siinamanso. Kuwala kwake n'kofiira, choncho mzere wofiira kwa iyo uli ngati pepala loyera, suoneka n'komwe. Mizere ikhale yakuda, kapena ya buluu kapena yobiriwira koma yodera kwambiri. Ndiyo inandionetsa cholakwa chathu: mnyamata amene anakonza lebo anapanikiza chithunzi cha ngala ya mpunga pafupi ndi mizere kuti zikongole. Barcode ya EAN-13, ija ya manambala 13, pa saizi yake yeniyeni ndi mamilimita 37.29 m'lifupi, kuphatikizapo malo opanda kanthu amene imafuna, okwana mamilimita 3.63 kumanzere ndi 2.31 kumanja. Mukadya malowo, sikana siidziwa poyambira kuwerenga. Kuchepetsa barcode n'kololedwa, koma osapitirira pansi pa 80 peresenti, ndipo musamaikoke pakona ngati chithunzi cha ukwati.

Poyesa, musayese sitika ili pa thebulo. Matani pa paketi yodzadza kale, chifukwa pulasitiki imanyezimira, imachita makwinya pafupi ndi msoko, ndipo ngati mizere yasindikizidwa pa pulasitiki yoonekera popanda choyera kumbuyo, mpungawo ndi umene umakhala kumbuyo kwake. Tengani zoyambirira pa mpukutu, zapakati ndi zomalizira. Anzathu a uchi, pa botolo laling'ono goneketsani barcode kuti mizere ikhale ngati makwerero, apo ayi imapinda n'kubisala m'mbali.

Apa ndiwonjezere za kutentha kwathu kuno. Sitika za direct thermal, zija zopanda riboni zofanana ndi risiti, zimafufuma kapena kuda zikakhala pa dzuwa. Lero sikana iwerenga, koma katundu akagona pa galimoto m'dzuwa la Okutobala n'kukhala milungu pa shelefu, mizere yapita. Za riboni zimapirira, makamaka riboni ya resin. Za printa ya inki ya mu ofesi zimasungunuka ndi kadontho kamodzi ka madzi.

Pamene sikana imalephera ndi apa: imangoti eya kapena ayi. Siikuuzani kuti mwakhoza mwa mwayi. Verifier, chida chapadera choyezera mmene barcode yasindikizidwira, ndiyo imapereka malikisi motsatira muyeso wa ISO/IEC 15416, kuyambira 4.0 kutsika mpaka 0, ena amati A mpaka F. Imayeza kusiyana kwa choda ndi choyera, madontho a m'mizere ndi kunenepa kwake inki ikasefukira. A bungwe la GS1, amene amapereka manambala a barcode, amafuna 1.5, kutanthauza C, kapena kuposera apo. Koma mtengo wake si wa ife olongedza mabelo owerengeka, ndipo kuigula kungakhale kugula ngalawa yowolokera chithaphwi. Ine ndimaifuna pokhapo tikamasindikizitsa matumba masauzande nthawi imodzi: ndimapempha osindikizawo andionetse lipoti la verifier la thumba loyamba ndisanamalize kulipira. Akati alibe, ndimatenga matumba ochepa, kuwadzadza, n'kukapempha kashiya wa sitolo imene tikagulitseyo kuti awadutsitse pa makina ake.

Foni tsopano ndimangoonera nambala. Sitika za mwezi uno ndazimata pa windo loyang'ana dzuwa kuyambira Lolemba, Loweruka ndiziombanso ndi sikana.