NationStates: dziko lopeka, mikangano yeniyeni

NationStates ndi masewero aulere a pa intaneti amene Max Barry wa ku Australia anayambitsa mu 2002. Umadzipangira dziko lako, kulipatsa dzina, mbendera ndi ndalama yake, kenako nkhani zimayamba kukupeza kuti ugamule ngati mtsogoleri.

Imene inandigwira mtima ndi ya chisankho: kodi kuvota kukhale kokakamiza? Mlangizi wina akuti aliyense azivota, afune asafune. Wina akuti kukhala pakhomo tsiku lovota ndi ufulunso. Ndinakhala chigwirire foni mpaka tiyi kuzizira, chifukwa onse awiri akunena zomveka. Ukangodina yankho, manambala a chuma, ufulu wa anthu ndi ufulu wa ndale amasuntha pomwepo, nthawi zina kulowera kumene sunayembekezere.

Ku World Assembly, bungwe la mayiko a m'masewerowa lofanana ndi United Nations, nkotentha kwambiri: osewera amalemba okha malamulo, kukangana, nkuvota, ndipo lamulo likadutsa limamanga mayiko onse amene ndi mamembala.

Chimandipweteka nchakuti mayankho ambiri amapyola muyeso, lapakatikati silipezeka kawirikawiri. Komanso zonse zili m'Chingerezi. Koma bandulo samadya kwenikweni, poti zambiri ndi zolembedwa basi.