Pa mfuti za m'manja: Glock 17 kapena Beretta 92?

Ine mtima wanga uli pa Glock 17, sindibisa. Inatuluka ku Austria mu 1982, thupi lake ndi la pulasitiki yolimba ndiye imapepuka, tizitsulo tam'kati ndi tochepa moti zoti zingaonongeke nazonso ndi zochepa, olo ilowe fumbi imaombabe basi. Magazini yake imanyamula zipolopolo 17.

Koma Beretta 92 ya ku Italy osaiderera ayi, asilikali a ku America anaitenga mu 1985 n'kukhala nayo zaka zoposa 30 asanasankhe mfuti ya kampani ya SIG Sauer mu 2017. Ndi yolemera, ndiye ukaomba siidumpha kwambiri m'manja. Chimandidandaulitsa ndi chogwirira chake, chachikulu heavy, wa manja ang'onoang'ono chala chimavutika kufika pa trigger, kachitsulo kokoka poomba.