Chitsulo, glulam kapena mtengo wochekedwa: kukonza mlatho wadenga ku New England

Anzanga a ukalipentala mwandifunsa kambirimbiri za milatho yakale yamatabwa yokhala ndi denga, imene ili mbwee kuno ku Vermont ndi New Hampshire, ku America: ikayamba kuwerama pakati amaikonza ndi chiyani? Njira zimene makomiti a matauni amakanganirana ndi zitatu. Kuchotsa mtanda wowola n'kuikapo mtengo wochekedwa wofanana nawo, kuika glulam (mtanda wa timatabwa tomatiritsidwa ndi guluu), kapena kulowetsa mitanda yachitsulo kunsi kuti isenze katundu yense. Za denga sindichedwapo. Malata amaposa timatabwa tofolerera chifukwa chipale chofewa chimatsetsereka chokha, ngakhale okonda zakale amanyinyirika ndi maonekedwe ake.

Ndiyambe ndi chitsulo, chifukwa ndi chimene ndili nacho chifukwa. Pa pepala n'chotchipa, ntchito yake ndi yachangu, ndipo mainjiniya amachikonda poti mphamvu zake zimawerengeka mosavuta. Chimene kontilakitala sanena pamsonkhano wa tauni ndi mchere. M'nyengo yozizira misewu ya kuno imathiridwa mchere, matayala amaulowetsa m'mlatho, madzi ake n'kudontha m'mipata ya matabwa a pansi mpaka pa chitsulo. Denga limatchinga mvula yochokera kumwamba, za matayala silidziwako. Dzimbiri likagwira, kupala ndi kupenta chitsulo pamwamba pa mtsinje si ntchito ya anyamata awiri ndi bulashi. Pamafunika kukuta malo onse ndi matenti kuti fumbi la penti lisagwere m'madzi, ndipo ndalama imeneyo m'kotesheni yoyamba simukhala.

Tinaitanidwapo kukasintha matabwa a pansi pa mlatho wina wa katauni kakang'ono umene unaikidwa chitsulo zaka zingapo m'mbuyomo. Titakanganula matabwa tinapeza kuti paliponse pamene mtengo unagona pa chitsulo panali ponyowa, pofewa moti sikuludilaiva inkangolowa. Chitsulo chimachita thukuta kukazizira usiku, ndipo mtengo umamwa chinyezicho mwakachetechete. Amene anagwira ntchito ija sanasiye mpata woti mphepo izidutsa. Tauni inalipira kawiri, ndipo ulendo wachiwiri inalipira zambiri.

Sizithera pomwepo. Mitanda yachitsulo nthawi zambiri imalendewera kunsi, kuchepetsa mpata pakati pa mlatho ndi mtsinje. Amene anaona madzi a namondwe Irene mu Ogasiti 2011, pamene anakokolola mlatho wa Bartonsville wa mu 1870 ndi wa Blenheim ku New York wa mu 1855, akudziwa kuti sentimita iliyonse ili ndi ntchito zigumula zikabwera ndi mitengo. Komanso chitsulo chikalowa, matani ololedwa pa chikwangwani amakwezedwa, madalaivala n'kuyamba kuuona ngati mlatho wa konkire, kuiwala kuti denga silinakwere. Malole otsatira GPS ndi vuto kale: funsani anthu a ku Lyndon kuti mlatho wa Miller's Run wagundidwa kangati. Ndipo kunena mosabisa, mlatho wamatabwa umene matabwa ake sakusenzanso kanthu ndi shedi chabe yoimikidwa pa mlatho wina.

Glulam ndi timatabwa tomatiritsidwa ndi guluu n'kukhala mtanda umodzi wautali. Poyamba ndinkaiyang'ana cham'mbali, koma mlatho wa Cornish-Windsor umanditseka pakamwa. Mlathowu unamangidwa mu 1866 pa mtsinje wa Connecticut, ndi wautali mamita pafupifupi 137, ndipo unatsekedwa mu 1987 utafooka. Panali mkangano, ena akufuna kuwonjezera mauta amatabwa m'mbali, koma pamapeto pake anaika glulam m'mitanda ikuluikulu, n'kuutsegulanso mu 1989. Mpaka lero magalimoto akudutsa, ndipo chimene chikusenza ndi mtengo. Glulam imabwera youma, yowongoka, pa utali umene mwaitanitsa. Kuipa kwake n'kwakuti mizere ya guluu imaoneka, ndipo mukaicheka kapena kuboola pamalo a ntchito osapaka mankhwala pabalapo, madzi amalowera pomwepo.

Epoxy, guluu wouma gwa wothira m'mtanda wowola, ndi bwino kungoiiwala pa malo osenza katundu, imatsekera chinyezi m'kati.

Mtengo wochekedwa ndi umene mtima wanga uli, ngakhale umavutitsa. Mitengo ikuluikulu ngati imene ankadula m'ma 1800 ndi yosowa, ndipo mukafulumira kuika wauwisi umanyala pouma, zikhomo n'kukhwepa. Pamafunikanso majeki ndi kuleza mtima kuti mlatho ubwerere pa kupindikira kwake kwa m'mwamba musanalumikize kanthu, ndipo amisiri odziwa zimenezi ndi owerengeka, sabwera ndi mtengo wachibale. Koma milatho yambiri ya kuno ndi ya kalukidwe ka mmisiri Ithiel Town ka mu 1820, matabwa opingasana omangidwa ndi zikhomo zamtengo. Thabwa limodzi likawola mumagulula zikhomo, kulichotsa, n'kulowetsa lina osasokoneza anzake.

Choncho mlatho waufupi wa m'mudzi, mtengo wochekedwa wouma bwino. Wautali wodutsa magalimoto tsiku ndi tsiku, glulam m'mitanda ya kunsi, kwina konse mtengo wamba. Chitsulo ndingavomere pokhapokha ngati ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto zilibe njira ina, ndipo ngakhale apo ndingauze komiti kuti ilembetse mtengo wa penti wa zaka 20 isanasaine.