Nsomba ya Hiroshige pakhoma langa, dzinja ndi chiperoni zitadutsa

Sabata yatha ndinalipira bambo wina wokonza mafelemu ku Limbe ndalama zotsala pang'ono kufika theka la mtengo wa chithunzi chenichenicho. Chithunzicho ndi cha nsomba, ndinachigula ku Japan, ndipo felemu imene chinabwera nayo inkachiwononga.

Ndinaitanitsa zithunzi ziwiri pa intaneti kwa wogulitsa mmodzi wa ku Japan. Choyamba ndi nsomba ya bora ili ndi duwa la camellia, ndakatulo zili pamwamba pake, yochokera pa mndandanda wa nsomba umene Utagawa Hiroshige, katswiri wojambula wa ku Japan, anajambula m'zaka za m'ma 1830. Changachi si chakale ayi, anasindikiza masiku ano koma mwa njira yamakolo awo: amasema matabwa a mtengo wa cherry, utoto uliwonse thabwa lakelake, utotowo amasakaniza ndi phala la mpunga, kenako amatikita pepala pamanja ndi kachipangizo kobulungira kotchedwa baren. Chachiwiri ndi chojambula ndi burashi pansalu, chotengera chimodzi mwa zithunzi za Uma zukushi zimene Hokusai, katswiri winanso wa ku Japan, anapanga mu 1822, chaka cha kavalo, momwe muli ziwiya ndi tizinthu tokumbutsa kavalo.

Utoto sunasuluke pa zonse ziwiri, komatu khoma limene zili silifika dzuwa. Anazilongedza bwino, zinafika zosapindika. Chansalucho sichinandivutepo, koma sichinandigwirenso mtima. Zithunzi za mtundu umenewu, za surimono, ankazipangira magulu a alakatuli, zochepa chabe, ndipo kukoma kwake kunali utoto wonyezimira ngati chitsulo ndi mizere yotukuka imene ankadinda popanda utoto. Burashi singachite zimenezo. Ukachiyang'ana uli chapatali n'chokongola, ukayandikira n'chathyathyathya.

Vuto lili pa nsombayo. Mvula itakhazikika mu Januwale, pepala linayamba kupindika m'munsi ngati mafunde. Kenako kunatuluka timadontho tofiirira pafupi ndi mchira, poyamba tochepa, kenako tinafalikira m'mphepete mopanda utoto. Mvula itatha ndinkayesa basi zaima, koma chiperoni cha mu Juni chitabwera ndi nkhungu yake ya kuno ku Blantyre, timadonthoto tinawonjezeka, ndipo m'mawa wina ndinapeza galasi lachita thukuta mkati. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa chithunzichi ndimachikonda, ndipo tsiku lililonse ndinkachiona chikuwonongeka pang'onopang'ono.

Bambo a ku Limbe aja atangomasula felemu anapukusa mutu. “Akulu, pepalali lagona pagalasi,” anatero. Felemu imene wogulitsa anandilipiritsa padera inalibe katoni yolekanitsa pepala ndi galasi. Kumbuyo anatsekako ndi katoni wamba ya m'mabokosi, ndipo ngodya zam'mwamba anazimata ndi selotepi. Pepala la chithunzichi ndi la washi, amalipanga ndi khungwa la kozo, mtengo wa m'banja la mabulosi. Ndi lolimba zedi, n'chifukwa chake zithunzi za nthawi ya Edo (1603–1868) zilipobe mpaka lero, koma limamwa chinyezi n'kufufuma, kukauma limabwerera. Likapanikizidwa pagalasi limasowa kofufumira, chinyezi chimakhala pomwepo, asidi wa m'katoni uja n'kumalowa. Aliyense wogulitsa zithunzi zosindikiza pathabwazi, zimene amati ukiyo-e, amazidziwa zimenezi. Sindikhulupirira kuti ameneyu yekha sankadziwa.

Komabe tsiku lomwelo ndi limene ndinachikondanso koposa. Kanali koyamba kuona kumbuyo kwa pepalalo. Utoto wabuluu unalowerera mpaka kuseri, ndipo mizere yozungulira ya baren ikuoneka bwinobwino pamene mmisiri ankatikita. Makina osindikizira satha kusiya zimenezo. Pamene buluu amachoka pakuda n'kumazimiririka pang'onopang'ono, luso limene amati bokashi, palibe kadontho ka makina n'kamodzi komwe. Mmisiri amanyowetsa thabwa n'kupaka utoto mbali imodzi pa pepala lililonse palokha. Ndinatuluka m'shopumo ndili wokwiya ndi felemu koma wokhutira kuti pa chithunzicho sanandinamize.

Ndinamulembera wogulitsa imelo, n'kutumiza zithunzi za katoni ndi selotepi. Yankho loyamba linali laulemu koma lopanda kanthu: nthawi yobweza katundu inadutsa, ndipo chinyezi n'cha kwanuko. Anati andichotsera pang'ono mtengo ndikadzagulanso. Ndinabwezanso mawu kuti chinyezi ku Japan nakonso chilipo, ali ndi nyengo yawo ya mvula ya tsuyu mu Juni ndi Julayi, ndiye felemu yosapirira chinyezi sinayenere kugulitsidwa ngakhale kwawoko. Anakhala chete kwa nthawi ndithu. Pamapeto pake anavomera kutumiza pepala lina la nsomba yomweyo, lopanda felemu, bola ndilipire ndekha zotumizira. Za kubweza ndalama ya felemu sanayankhepo mpaka lero.

Sindinavomere pepala linalo. Aliyense amene wayesapo kulipira kunja ndi khadi masiku ano akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, ndipo pamwamba pake pali msonkho wina wa katundu akafika. Timadontho tilipobe, bambo aja anakana kutichotsa poopa kuwononga utoto, koma chiikireni felemu yatsopano yokhala ndi katoni yopanda asidi sitinawonjezeke.

Ndikaphatikiza zonse, nsomba imodziyi yandidyera ndalama zimene ndikanagulira zithunzi ziwiri zosindikiza pathabwa. Masiku ena ndimati kunali kuwononga ndalama, masiku ena ndimati ndingagulenso mawa. Chojambula ndi burashi chokha sindidzagulanso. Chathabwa ndidzagula, koma chopanda felemu, ndipo kwa wogulitsa ameneyu ndidzabwerera pokhapokha atabweza ndalama ya felemu ija.