Galaja ya ku Limbe: ulemu ulipo koma kamangidwe ka manati ayi, nyenyezi 2

Ndawapatsa nyenyezi ziwiri anyamata a pagalaja ina ku Limbe ndipo ziwirizo ndi za ulemu wawo basi, poti kulandira kasitomala amatha, galimoto anandibwezera pa nthawi yake atayitsuka bwinobwino. Dzina sinditchula, eni ake akawerenga adziwa okha.

Yanga ndi Datsun 120Y ya 1976, injini A12, ija anandisiyira malemu bambo anga. Sevisi ndimapanga ndekha pakhomo koma ulendo uno ndinatanganidwa ndiye ndinati aaa kusintha oyilo, fyuluta ndi kuona mabuleki akumbuyo chovuta nchani, ndiwasiyire.

Patatha masabata atatu teyala lakumbuyo linaphwa ndikupita ku Balaka, nditangodutsa pa Lirangwe. Ndatulutsa jeke ndi sipanala, nati yoyamba osasuntha olo pang'ono. Ndaponda ndi phazi, ndakwerapo thupi lonse ine wamakilo 85, zii. Mnyamata wina wakabaza anakandibwerekera paipi kwa owotcherera, tavekera kusipanala nkumakoka awiri, manati atatu anamasuka akulira ngati chitseko chadzimbiri koma yachinayi inangoti phwa, kubwera ndi bauti yake yomwe. Teyala la 120Y limagwira ndi manati anayi okha, ndiye tangoganizani kubwerera ku Blantyre ndi atatu, kuyenda 40, minibasi zikukuimbira mahutala kumbuyo mtima uli m'mwamba. Ku Balaka kuja sindinafikenso.

Nditafika kunyumba ndinati imani kaye, ngati manati anachita nawo chonchi nanga fyuluta? Kusuzumira pansi ndapeza oyilo akuchucha pang'ono m'mbali mwake, rabala ija yaphwanyika chifukwa chofinyidwa. Ndi manja yakana. Sipanala ya tcheni yangophwanya chitini chonse. Ndabowola ndi sukuludilaiva kuti ndipotokole, chitsulo chake nchopyapyala chinangong'ambika, oyilo mpaka m'khwapa, mayi akunyumba ataima pakhonde akungopukusa mutu. Mapeto ake ndinachita kugogoda tsinde lake ndi tchizulo ndi hamala pang'onopang'ono, ndikupemphera kuti mazinga apainjini asaonongeke. Maola awiri pa kanthu kongomasula ndi dzanja.

Fyuluta sifuna mphamvu abale. Umapaka tioyilo parabala, kuzungulitsa ndi dzanja mpaka rabala itakhudza injini, kenako kuwonjezera magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, basi yakwana. Manati a galimotoyi amafuna pakati pa 80 ndi 90 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira nati), pomwe mfuti ya mpweya yomangira manati ija amaikonda anyamatawa imapitirira 300 osavutika nkomwe. Mabauti aja akhala pamenepo zaka pafupifupi 50, ukawakoka mopyola amatalika ngati chingamu ndipo sabwereranso, tsiku lina amangoduka, mwinanso uli pa liwiro. Ngakhale dramu ya buleki imatha kupindika ukamanga mosalingana, buleki nkumanjenjemera iwe nkumadabwa kuti chalakwika nchani.

Ndinabwerera kukadandaula. Mkulu wawo anandilandira bwino ndithu, mpando anandipatsa, koma yankho lake linandifoola: "Madala, ife timamanga kwambiri dala kuti teyala lisakuchokereni pamsewu." Ndinafunsa ngati ali ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu pomanga nati, eti anakaitulutsa muofesi ili m'bokosi mwake, pulasitiki osachotsa. Anavomera kundiikira bauti yatsopano osandilipiritsa ntchito, apo ndiwayamikire, ngakhale bautiyo ndinakagula ndekha. Koma atangomaliza kuika teyala mnyamata wa pagalajapo watenganso mfuti yomwe ija ine ndili pompo! Ndinachita kumugwira mkono, ndati achimwene chonde pepani, ndimanga ndekha.

Amagalimoto atsopano mwina kumeneko muzipita, sindikuletsani. Koma ngati muli ndi kachikale ngati kanga, kaya ndi Datsun, Peugeot 404 kapena Beetle, musasiye makiyi nkuchoka, khalani pompo mpaka amange nati yomaliza ndipo muyese kumasula imodzi ndi sipanala yanu musanatuluke pageti. Ine ndagula torque wrench yangayanga, panopa ndikusakasaka mabauti ena 15 a saizi ya M12 x 1.25 kuti ndisinthe onse, poti otsalawo sindikuwakhulupiriranso.