PAH kapena MAON, ndani akuwalitsa infrared ya pakati pa nyenyezi?

Anzanga okonda zakuthambo, chiyambire 1973 pomwe Gillett ndi anzake anaona kuwala kwachilendo pa NGC 7027, mtambo wa mpweya womwe nyenyezi yokalamba inataya, ma telescope akhala akukola infrared (kuwala kosaoneka ndi maso) yomwe imatumphuka malo omweomwewo, pa 3.3, 6.2, 7.7, 8.6 ndi 11.3 micron (muyeso wa kutalika kwa funde la kuwalako; malo amenewa timawatcha ma band), koma mwini wake sanagwidwebe dzanja. Olimbirana ndi awiri, PAH ndi MAON.

Gulu la PAH (polycyclic aromatic hydrocarbons) ndiye lili ndi anthu ambiri, anayamba ndi Léger ndi Puget mu 1984, chaka chotsatira Allamandola, Tielens ndi Barker. Iwowa akuti ndi timamolekyu ta carbon tafulati, tolukana ngati zisa za njuchi, abale ake a mwaye wa mu ekizozi, kamodzi kakameza photon (kachidutswa ka kuwala) ya UV kamatentha kanthawi kochepa kenako nkulavula mphamvuyo ngati infrared. Chimene chimandikoka ine ndi za mu lab. Ku NASA Ames amaumitsa ma PAH mu argon wozizira pafupifupi 10 K (-263 °C) nkuwayeza, ndipo zinaoneka kuti ukawachotsa electron imodzi, ma band a 6.2 mpaka 8.6 amakwera pomwe 3.3 amafooka, monga zimaonekera kumwambako. Koma kuti zifanane bwinobwino umasakaniza ma PAH ambirimbiri, nde otsutsa amati aaa, kumeneko nkungothira mchere mpaka ndiwo zikome.

MAON (mixed aromatic/aliphatic organic nanoparticles) ndi ya Sun Kwok ndi Yong Zhang, 2011. Awa akuti ndi tizibenthu tosalongosoka, mphete za carbon zolumikizidwa ndi matcheni, kukhala ngati malasha. Pa band ina ya 3.4 micron komanso zitunda zotakata za kuwala zomwe zili pansi pa ma band, MAON amayankha bwino ndithu. Poipa pake palibe botolo lomwe unganyamule mu lab nkunena kuti MAON ndi uyu, nde uyeza chani?

Ine ndatsamira ku PAH, makamaka poti telescope ya Green Bank inapeza cyanonaphthalene mu mtambo wa TMC-1 mu 2021, kenako cyanopyrene mu 2024, onsewa ndi ma PAH. Komabe tisathamange, amenewa anagwidwa ndi mafunde a radio osati infrared, ndi ang'onoang'ono ndipo ali mu mtambo wozizira, si aja akuwala aja. Yemwe anazindikirika ndi dzina mu infrared ndi C60, kampira ka ma atomu 60 a carbon, Jan Cami ndi anzake anamupeza ndi telescope ya Spitzer pa mtambo wa Tc 1 mu 2010, ndipo kampira kameneka kalibe hydrogen olo imodzi, si PAH si MAON.