Kafoni ka mabatani kayamba kulankhula ndi kompyuta ya gulu lathu

Ndine mlembi wa gulu la amayi ogulitsa usipa wouma kuno ku Mangochi. Ena ali ku Malembo, ena ku Monkey Bay, ena kutsidya ku Makanjira, ndipo ambiri ali ndi timafoni ta mabatani. WhatsApp tinayesa, koma uthenga unkangofika kwa ochepa okhala ndi foni zikuluzikulu komanso bandulo.

Mnyamata wina wa pa boma pano ndiye anatikonzera njira. Anatenga foni yakale ya Android, n'kuikamo SIM ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, n'kuilumikiza ndi tsamba la pa intaneti. Mayi akatumiza SMS yoti MTENGO, foniyo imapereka uthengawo kutsambalo, tsambalo n'kuyankha lokha mtengo wa ndowa ku Limbe umene ndalemba m'mawa. Akalemba NDASONKHA ndi kuchuluka kwa ndalama, zimalowa m'kaundula pa dzina lake. Mwera ukayamba, ndimalemba chenjezo kamodzi pakompyuta, likufika kwa onse. Mayi wa ku Makanjira sasowanso kudikira kuti wina awoloke ndi nkhani, ndipo ogula oyendayenda sakumugwetseranso mtengo mmene ankachitira. Pamenepa ndiye pandigwira mtima.

Cholakwika chilipo, ndipo chinatidyera ndalama. Mnyamatayo sanatiuze kuti SMS imodzi imatenga zilembo 160 zokha, komanso kuti ukangoikamo ŵ kapena kankhope kosekerera, malirewo amatsikira pa 70. Ine ndinazolowera kulemba Malaŵi ndi kachipewa kake, ndiye uthenga umodzi unkagawika patatu, mayunitsi n'kumatha ife osadziwa chifukwa. Nditadandaula anabwera tsiku lomwelo, n'kuika kowerengera zilembo pansi pa malo olembera. Bwenzi atakaika poyamba pomwe.

China n'chakuti zonse zatsamira pa foni imodziyo. Magetsi akazima tsiku lonse, batire n'kutha, mauthenga amangoima. Tinagula kasola kakang'ono. Amayi ena amalembanso "mtengo bwanji lero mlembi", makinawo osamva. Pano mnyamatayo wawaphunzitsa makinawo kuti akangoona mawu oti mtengo paliponse ayankhe.

Magulu a banki m'khonde amene akufuna zoterezi, mufunseni wokonzayo aonetse uthenga ukuchoka pakafoni ka mabatani mpaka kufika pakompyuta musanamulipire.